Kalata kwa mnzanga wophunzira digiri ali pa ntchito

Mnzanga wapamtima,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo ndauwerenga kawiri. Ine kuno ndili bwino, kaya iwe ndi banja ku Leeds kumeneko? Ndasangalala kumva kuti wakwanitsa miyezi inayi pa digiri ya uinjiniya wa zomangamanga uli pa ntchito. Koma mawu amene andikhalira mumtima ndi aja unalemba kumapeto, akuti pa saiti umadziona kuti ndiwe munthu wodziwa ntchito, koma ukangolowa m'kalasi Lachinayi umasanduka mwana wosadziwa kanthu, ndiponso kuti asayimenti yako yoyamba yabwera ndi mamakisi 48. Inenso ndinaphunzira ndili pa ntchito, ndipo ululu umenewo ndikuudziwa. N'chifukwa chake ndaganiza zokulembera kalata yaitali m'malo mokuyankha ndi timawu tiwiri pa WhatsApp.

Ndiyambe ndi nkhani ya Lachinayi lakolo, pakuti wati kapitawo wakuitana kale kawiri pa tsiku la sukulu. Madigiri a apprenticeship, amene munthu amaphunzira ali pa ntchito ngati yakoyi, anayamba ku England mu 2015, ndipo kuyambira Epulo 2017 makampani amene malipiro a antchito awo amapitirira mapaundi 3 miliyoni pa chaka amasonkha 0.5 peresenti yolipirira maphunziro otere. Ndiye chifukwa chake iwe sulipira fizi, pomwe mnzako wa desiki imodzi amene analowa yunivesite mwa masiku onse akutenga ngongole yoposa mapaundi 9,000 chaka ndi chaka. Tsono nthawi yako yophunzira usamaione ngati chifundo cha abwana. Inalipiridwa kale, ndipo ili m'pangano limene munasaina atatu: iwe, kampani ndi yunivesite. Poyamba lamulo linkati 20 peresenti ya nthawi ya ntchito, mu 2022 anaika maola osachepera 6 pa sabata. Chiwerengerocho amachisinthasintha, koma mutu wake ndi womwewo: maola ophunzira akhale mkati mwa nthawi imene umalipidwa, osati usiku ana atagona. Kapitawoyo usakangane naye pakati pa anthu. Uzilemba tsiku lililonse limene wataya, ndipo pa msonkhano wounika mmene ukuchitira, pamene pamakhala woimira kampani ndi wa ku yunivesite, ukazitulutse mwaulemu, masiku ake ali pa pepala. Ukangolekerera pano, chaka chachitatu udzapeza kuti Lachinayi linatha kalekale.

Tsopano za mamakisi 48 aja. Wati mphunzitsi analemba kuti unangofotokoza zimene zinachitika osazisanthula, ndipo sukumvetsa kusiyana kwake. Ine anandilembera mawu omwewo pa asayimenti yanga yoyamba, ndipo ndinakhala sabata yathunthu ndili wokhumudwa, chifukwa ndinkadziwa kuti zonse zimene ndinalemba zinali zoona. Zoona zinalidi zoona, koma ndinali nditalemba lipoti la ku ntchito. Pa saiti amafuna kudziwa chachitika n'chiyani, liti, ndipo tichite chiyani. Ku yunivesite funso lawo ndi lina: ukudziwa bwanji kuti chifukwa chake n'chimenecho, ndipo ndani angakutsutse?

Tenga nkhani imene unandiuza mwezi watha, ya konkire munathira m'mawa wozizira uja, imene ma cube ake, timabuloko ta konkire toyesera mphamvu yake, anapereka mphamvu yochepa atayesedwa pa tsiku la 7. Ukalemba kuti tinathira konkire, kunazizira, ma cube analephera, tinadikira zotsatira za tsiku la 28, ndiye kuti wangofotokoza. Kusanthula kumayambira pamene wadzifunsa kuti, kodi kuzizirako ndi kumenedi kunachititsa? Inde, simenti imachedwa kugwira kukazizira, makamaka kukafika pansi pa madigiri 5. Koma pali zinanso. Kodi wina sanawonjezere madzi m'galimoto kuti konkireyo ithiridwe mosavuta? Wofufuza za konkire Duff Abrams anaonetsa kale mu 1918 kuti madzi akachuluka poyerekeza ndi simenti, mphamvu ya konkire imatsika. Nanga ma cube eni akewo anatsenderedwa bwino? Anagona kuti usiku woyamba? Amayenera kusungidwa pa madigiri pafupifupi 20, poyamba m'zikombole zawo kenaka m'madzi, ndiye ngati anasiyidwa panja pa chisanu, mwina wolakwa si konkire ili pansiyo ayi, koma mayesowo. Zifukwa zitatu zimenezi uziike pamodzi, ufufuze zimene olemba mabuku ndi malamulo a kayesedwe amanena pa chilichonse, kenaka unene chimene iwe ukuchikhulupirira ndi umboni wake, ndi pamene umboniwo ukuperewera. Ndicho chokhacho chimene mphunzitsi uja ankapempha.

Ndipo taona, mafunso onsewa ukuwadziwa kale. Ukanakhala pa saiti ukanawafunsa mosaganiza n'komwe. Apa m'pamene ndikufuna undimvetse kwambiri: wakhala ukusiya nzeru zako za ku ntchito pakhomo la kalasi ngati nsapato zamatope, n'kulowa chimanjamanja. Anzako a zaka 19 aja amawerenga za konkire m'buku ndipo ena sanaigwirepo. Iwe umaiona ikuthiridwa sabata iliyonse. Chimene akukuposa nacho n'chizolowezi cha kalembedwe basi, ndipo chimenecho chimaphunzirika m'miyezi yochepa.

Chimene chinandithandiza ine kuposa zonse ndi kope laling'ono. Lachisanu lililonse ndisanaweruke ndinkakhala mphindi 15 n'kulemba chinthu chimodzi chimene chachitika sabata imeneyo: chinachitika n'chiyani, ine ndinachitapo chiyani, chikugwirizana bwanji ndi zimene taphunzira, ndipo ulendo wina ndidzasintha pati. Pambuyo pake ndinadzamva kuti katswiri wa zamaphunziro David Kolb anafotokoza njira yomweyi mu 1984, kuti munthu amaphunzira akachita chinthu, n'kuchisinkhasinkha, n'kupezapo mfundo, n'kukayesanso. Ku yunivesite kwanuko adzakuuzani za iye ndi za Graham Gibbs, amene mu 1988 anaigawa njirayi m'masitepe 6. Ine sindisamala kuti usankha ya ndani. Chimene ndaona n'chakuti ambiri amadikira mpaka asayimenti yayandikira, n'kuyamba kukumbukira za miyezi itatu yapitayo, ndipo zimene amalemba zimatuluka zosalala, zopanda fungo la saiti. Kwa iwe kopeli lili ndi phindu linanso. Kumapeto kwa pulogalamu kuli kuyesedwa komaliza kotchedwa end-point assessment, kumene udzafunika kuonetsa umboni wa chidziwitso, luso ndi khalidwe la pa ntchito zimene zalembedwa pa muyezo wa apprenticeship yako. Umboni wa zaka zisanu sungausonkhanitse mwezi womaliza. Usindikize mndandandawo, uumate mkati mwa chikuto cha kope, ndipo pa nkhani iliyonse uzilemba nambala ya luso limene ikuonetsa.

Pa zimenezi usamale chinthu chimodzi. Zojambula za polojekiti, mitengo ya kontirakiti ndi mayina a anthu si zako. Usanaike chilichonse cha kampani mu asayimenti, funsa amene amakuyang'anira, ndipo mayina uchotse. Malamulo oteteza zinsinsi za anthu kumeneko, monga Data Protection Act ya 2018, sachita nawo masewera.

Za kutchula kumene watenga mfundo sindichulukitsa. Funsa kuti dipatimenti yanu imatsata kalembedwe kati, kaya ndi ka Harvard kapena kena, ndipo uike pulogalamu yaulere ya Zotero, yosungira mndandanda wa zimene wawerenga, pa kompyuta lero lomwe. Nthawi iliyonse ukawerenga kanthu, lemba pomwepo wolemba, chaka ndi tsamba. Anthu ena amene amagwidwa ndi Turnitin, pulogalamu yofufuza zolemba zokopera, sanafune kuba ayi, anangokopera ndime m'manotsi mwezi wapitawo n'kuiwala kuti si yawo. Za ChatGPT, uwerenge lamulo la yunivesite yako pa asayimenti iliyonse. Maganizo anga ndi akuti ukailola kukuganizira, udzasowa chonena tsiku limene woyesa adzakhale patsogolo pako n'kukufunsa chifukwa chimene unasankhira njira imeneyo.

Kuwerenga nakonso usakuope. Pepala la kafukufuku saliwerenga ngati nthano, kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Yamba ndi chidule chake, pita ku zimene apeza, ndipo ukaona kuti likukhudza funso lako m'pamene ubwerere pakati. Ku laibulale kuli munthu amene ntchito yake ndi kuthandiza ophunzira a uinjiniya kupeza mabuku, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi alangizi a kalembedwe amene umangopangana nawo nthawi. Ine ndinachedwa chaka chathunthu ndisanapiteko chifukwa cha manyazi, ndinkati munthu wamkulu ngati ine ndikafunse za kalembedwe ka ndime? Chaka chimenecho ndimachidandaula mpaka lero. Upiteko ndi asayimenti ya 48 ija m'manja, upemphe kuti akusonyeze ndime imodzi imene unasanthula bwino ndi ina imene unangofotokoza.

Njirayi imayendanso chobwerera. Zimene ukuphunzira Lachinayi uzipita nazo ku saiti Lachisanu, koma mwanzeru. Kapitawo amene wathira konkire zaka 25 sangakondwe kuwongoleredwa ndi munthu wa miyezi inayi pa yunivesite, ndipo nthawi zambiri iye amakhala akulondola. Umufunse m'malo momuuza: m'kalasi atiuza chakuti, nanga inu mwaona zotani pa zaka zanuzi? Yankho lake ulilembe m'kope. Upemphenso kuti akulole kulemba maminitsi a msonkhano wa pa saiti, kapena kutsogolera kukambirana za chitetezo kwa mphindi zisanu m'mawa ntchito isanayambe. Kulankhula pamaso pa anthu khumi ovala zipewa zolimba kudzakukonzekeretsa kuposa kuyeserera wekha m'chipinda.

Wati asayimenti yachiwiri ikufunika pakatha masabata atatu. Unditumizire tsamba loyamba lokha likangotheka, ngakhale lili losalongosoka, ndidzaliwerenga usiku womwewo. Undiuzenso zotsatira za ma cube a tsiku la 28 aja, ndipo ufufuze kumene anagona usiku woyamba, chifukwa ine ndikukayikira pamenepo. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.