Wophulitsa bomba naye azikaonekera kukhoti

Akonzi,

Mundilole ndiyankhe anzanga amene timasewera nawo bawo kuno ku Mangochi. Iwo amati munthu woganiziridwa kuti wapha khamu la anthu ndi bomba sayenera loya, angoperekedwa kwa asilikali athane naye. Mkwiyo wawo ndimaumvetsa. Koma njira imeneyi ena anaiyesa kale, ndipo ine sindinaone phindu lake.

Khalid Sheikh Mohammed, amene akuti ndiye anakonza chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001 chomwe chinapha anthu pafupifupi 3,000 ku America, anamugwira ku Rawalpindi, m'dziko la Pakistan, mu Malichi 2003. A CIA, bungwe la akazitape a America, anamusunga m'ndende zachinsinsi, n'kumamuthira madzi kumaso atamufunditsa nsalu, mpaka ka 183. Mu 2006 anamutumiza ku Guantanamo, ndende ya asilikali a America pachilumba cha Cuba, komwe mlandu wake uli m'manja mwa khoti la asilikali. Zaka zadutsa 20 chimugwirireni, mlandu weniweniwo sunayambe kuzengedwa. Maloya akungokokana ngati zimene munthu ananena atazunzidwa chotero zingakhale umboni. Makolo ena a anthu ophedwawo amwalira akudikira chigamulo.

Pomwe Ahmed Ghailani, wa ku Tanzania kuno pafupi, amene anatengako mbali pophulitsa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi Dar es Salaam pa 7 Ogasiti 1998, anamuchotsa ku Guantanamo mu 2009 n'kukamuzenga kukhoti wamba ku New York. Woweruza Lewis Kaplan anakana mboni yaikulu ya boma chifukwa dzina lake linadziwika Ghailani akufunsidwa mokakamizidwa. Pa milandu 285 anamupeza wolakwa pa umodzi wokha, anthu n'kudandaula kwambiri. Koma umodzi womwewo unakwana: mu Januwale 2011 anamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Zonsezi zinatha pasanakwane zaka ziwiri.

Anzanga apabawo amati imeneyo ndi nkhani ya azungu. Iwalani pang'ono bawoyo, akuluakulu, mukumbukire Juni 2003. Amuna asanu achisilamu ochokera kunja anamangidwa ku Blantyre powaganizira kuti ankathandiza gulu la zigawenga la al-Qaeda. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Khoti lalikulu linaletsa kuwatulutsa m'dziko muno, koma anawakweza ndege ndithu. Kuno ku Mangochi kunabuka chipolowe, matchalitchi anawonongedwa, ndipo ife amene tinali ndi ana aang'ono tinangodzitsekera m'nyumba. Patatha milungu ingapo amunawo anamasulidwa ku Khartoum, m'dziko la Sudan, opanda mlandu uliwonse.

Akanapita nawo kwa woweruza tsiku lachiwiri lija, boma likanaonetsa umboni wake poyera, kapena kuvomera kuti linalibe.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Mangochi