Ulemu wa pa maphunziro usamaphonye ophunzira ochokera ku ntchito

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ikukhudza anthu ambiri amene anabwerera ku koleji ku America atakula kale, ali pa ntchito komanso ali ndi mabanja, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo amawerenga nyuzipepala ino. Nkhani yake ndi ya mabungwe olemekeza ophunzira okhoza bwino, amene kumeneko amati honor societies, pamodzi ndi mindandanda ya ulemu imene makoleji amatulutsa semesita ikatha. Maganizo anga ndi akuti malamulo ambiri a ulemu umenewu analembedwa poganizira wachinyamata amene alibe chochita china koma sukulu, ndipo mpata umene malamulowo amasiya ndi umene amalonda alowerapo kuti azigulitsa ulemu kwa anthu amene anayenera kupatsidwa kalekale.

Tiyambe ndi mndandanda wotchedwa dean's list. M'makoleji ambiri, kuti dzina la munthu lituluke pamenepo, kukhoza kokha sikukwanira, amafunikanso kuti akhale atatenga makirediti osachepera 12 pa semesita, amene nthawi zambiri amakhala maphunziro anayi. Namwino wothandizira amene amagwira ntchito usiku, n'kumawerenga manotsi pa foni m'kachipinda kopumulira odwala akagona, kawirikawiri amatha kutenga maphunziro awiri okha, amene ndi makirediti 6. Angathe kupeza A m'maphunziro onse awiri chaka ndi chaka, koma dzina lake silidzatuluka, pamene mnzake wa zaka 19 amene wapeza malikisi otsikirapo alandira kalata yomuyamikira. Makoleji ena anaona kupanda chilungamo kumeneku ndipo anakhazikitsa mndandanda wa ophunzira amene satenga maphunziro onse pa nthawi imodzi, kapena amaphatikiza makirediti a chaka chonse. Sichinthu chofuna ndalama, ndipo n'zodabwitsa kuti si onse achita zimenezi.

Vuto lina ndi la malikisi akale. Ambiri mwa obwererawa anayambapo koleji ali achichepere n'kusiyira panjira chifukwa cha ndalama, matenda kapena mimba, ndipo ma F a nthawi imeneyo amakhalabe pa chikalata cha zotsatira, n'kumatsitsa GPA, kutanthauza avereji ya malikisi a maphunziro onse, ya munthu amene lero akukhoza mopanda chilema. Boma la Texas linakhazikitsa lamulo la Academic Fresh Start kuti wobwerera athe kupempha kuti maphunziro amene anachita zaka 10 zapitazo kapena kuposerapo asawerengedwe, ngakhale kuti akatero amataya ndi amene anakhoza omwe. Kumene kulibe dongosolo lotere, munthu wa zaka 40 amaweruzidwa ndi zimene anachita asanakhwime.

Bungwe lakale kwambiri komanso lotchuka kuposa onse, Phi Beta Kappa, limene linayamba mu 1776 ku College of William and Mary, siliwathandiza kwenikweni anthu amenewa. Lili m'makoleji ochepa, ndipo limayang'ana maphunziro a sayansi ndi a chikhalidwe cha anthu, kuphatikizapo masamu ndi chinenero chachilendo, pomwe wachikulire nthawi zambiri amabwerera kuti atenge digiri ya unamwino, ya zowerengera ndalama kapena ya kayendetsedwe ka bizinesi.

N'chifukwa chake ndimalemekeza nzeru imene inayambitsa Alpha Sigma Lambda. Bungweli linabadwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, ku Northwestern University, pansi pa utsogoleri wa Dr. Rollin Posey amene ankayang'anira gawo la ophunzira amadzulo. Inali nthawi imene lamulo la GI Bill la 1944 linatsegulira asilikali obwerera kwawo makomo a makoleji, ndipo m'makalasi munadzaza anthu okhwima amene mabungwe akale sankawawerengera. Muyeso wake si wofewa ayi. Munthu amayenera kukhala atamaliza makirediti 24 pa koleji yomweyo, kukhala ndi GPA yosachepera 3.2 pa 4.0, ndiponso kukhala m'gulu la anthu 20 apamwamba pa ophunzira achikulire 100 alionse. Chimene bungweli linasintha si kukula kwa zofunika kuti munthu apambane, koma anthu amene akupikisana: wachikulire amayesedwa ndi achikulire anzake, ndipo safunsidwa kuti wapeza makirediti akewo mofulumira bwanji. Ena amati uku n'kuwakondera. Ine sindikuona kukondera kulikonse, popeza mayeso amene analemba ndi omwewo, ochonga ndi omwewo, ndipo palibe amene anawawonjezera malikisi chifukwa chobwera m'kalasi atavala yunifomu ya ku ntchito.

M'makoleji a zaka ziwiri, kumene achikulire ambiri amayambira, kuli Phi Theta Kappa, imene inayamba mu 1918 ku Missouri. Kawirikawiri imafuna makirediti 12 ndi GPA ya 3.5, ndipo phindu lake looneka ndi lakuti mayunivesite ambiri amapereka thandizo la fizi kwa mamembala ake amene akusamukira kumeneko kukamaliza digiri.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Munthu amene wakhala akukhoza zaka zingapo popanda womuuza kuti wachita bwino amakhala ndi njala ya kuyamikiridwa, ndipo amalonda amadziwa zimenezi. Imelo imabwera ili ndi chidindo chonyezimira ngati golide ndi zilembo za Chigiriki zonga za mayina a mabungwe enieni aja, imamutchula dzina, imamuuza kuti wasankhidwa chifukwa cha kupambana kwake, kenaka m'munsi imamuuza kuti alipire tsiku lakutilakuti lisanadutse. Siinena kuti wasankhidwa ndi yani, siitchula malikisi amene amafunika, ndipo nthawi zina imafika ngakhale kwa amene akulephera. Wachinyamata wogonera pa koleji amangofunsa mnzake kapena mlangizi wake n'kuifufuta. Wachikulire amaiwerenga ali yekha pakati pa usiku, alibe womufunsa, ndipo mawu akuti "wasankhidwa" amamufika pamtima kotero kuti amatulutsa khadi la ku banki asanaganize kawiri. Chimene amagula ndi satifiketi imene wolemba anthu ntchito wodziwa zinthu sangaiyang'ane n'komwe.

Kulipira pakokha si chizindikiro cha chinyengo, chifukwa mabungwe enieni nawonso amalipiritsa, kawirikawiri kamodzi kokha polowa. Chofunika kufunsa ndi chakuti kodi bungwelo lili ndi nthambi pa koleji yanu, yoyang'aniridwa ndi mphunzitsi kapena wogwira ntchito amene mungathe kumuimbira foni, ndiponso ngati limalengeza poyera malikisi amene limafuna. Ndi bwinonso kuona ngati lili pa mndandanda wa Association of College Honor Societies, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1925 kuti liziika miyeso ya mabungwe otere, ngakhale kuti alipo ena olemekezeka amene sali m'menemo. Mndandanda umenewu uli ndi ntchito yake yeniyeni, popeza boma la America polemba anthu ntchito lakhala likulola kuti womaliza digiri amene ndi membala wa bungwe lovomerezeka ayambire pa giredi ya malipiro yokwererapo ya GS-7 m'malo mwa GS-5.

Kwa akuluakulu a makoleji, pempho langa ndi lakuti asinthe lamulo la makirediti 12, atsegule nthambi za mabungwe a ophunzira achikulire kumene kulibe, ndipo kalata yoitanira munthu ku bungwe lenileni izichokera ku ofesi ya koleji, yosainidwa ndi munthu wodziwika, kuti wolandirayo asavutike kuisiyanitsa ndi ya amalonda. Mwambo wolandirira mamembala atsopano nawonso uzichitika madzulo kapena Loweruka, osati Lachiwiri m'mawa pamene olemekezedwawo ali pa shifiti ndipo sangapemphe tchuthi.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala ino