Fani ikamangolira osazungulira, musaitaye

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene nyengo yotentha ino akudzutsa fani ndi kamtengo. Ine ndimakonza mafani, mapampu a madzi ndi mafiriji, ndipo zimandiwawa kuona mota yabwinobwino ikugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, pomwe chafa ndi kapasita chabe, kabokosi kakuda ka mawaya awiri kaja.

M'mota ya fani muli makoilo awiri a waya wa kopa. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230 (230V), ndipo amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi. Koilo siilola kuti karenti isinthe mwadzidzidzi, choncho imaichedwetsa. Kapasita imachita zosiyana: imadzaza n'kukhuthula, imadzaza n'kukhuthula, ndipo karenti yodutsa mmenemo imatsogola. N'chifukwa chake opanga amalumikiza kapasita ku koilo imodzi yokha, kuti makoilo awiriwo asamakoke nthawi imodzi. Zili ngati kupalasa njinga: mapazi onse akaponda pamodzi simuchoka pamalo, koma likaponda ili kenako linzake, gudumu limayamba kuyenda.

Kapasita ikafooka, fani imazungulira mwaulesi. Ikafa, imangong'ung'udza. Mukaikankha imayenda, ndipo imalowera mbali iliyonse imene mwaikankhira. Mukaona zimenezi zimitsani msanga, chifukwa mukaisiya ikulira choncho waya umatentha, vanishi wake n'kupsa, apo ndiye mota yafadi ndipo ndalama zake n'zina.

Kwa amisiri anzanga, makamaka achinyamata amene mwangotsegula kabenchi pamsika, chonde muziwerenga zolembedwa pa kapasita. Ya fani ya kudenga kawirikawiri imakhala ya 2µF kapena 2.5µF (µF ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene kapasita ingasunge), pomwe ya pampu imafika 20µF n'kupitirira. Ena amaika yaikulu dala ati fani ithamange. Imathamangadi, kasitomala n'kupita akusangalala, koma koilo ija ikulandira karenti yoposa muyeso wake ndipo siikhalitsa. Kumeneko n'kumubera munthu. Nambala ya µF ifanane ndi yakale. Ya mavoti ikhoza kukwera, monga kuika 450V pomwe panali 400V, koma isatsike.

China chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kapasita imasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Yaikulu ya mu TV imakhala ndi mavoti oposa 300, ndipo ya mu microwave imapitirira 2,000, okwana kupha munthu. Ndaonapo anyamata akuigunditsa ndi sikuludiraiva n'kumaseka ikathetheka, chonsecho nsonga ya chitsulo yanyenyeka. Ya mu TV muziikhuthula pang'onopang'ono ndi resistor, kachipangizo kochepetsa karenti, kenako muyeze ndi mita musanaikepo chala. Ya mu microwave, ngati palibe amene anakuphunzitsani, musatsegule n'komwe chivundikiro chake.

Mmisiri wa zamagetsi,
Ndirande, Blantyre