Tikonze kasungidwe ka mnofu tisanagule makina

Mkonzi,

Amene akufuna kuti zipatala zigule makina ojambula tizidutswa ta mnofu pofufuza khansa ayambe akonza kasungidwe ka tizidutswato, apo ayi ndalama zingolowa m'madzi.

Makinawa amajambula kagalasi konse kamene paikidwa kachidutswa ka mnofu n'kutumiza chithunzi pa intaneti, ndipo kompyuta imawerenga maselo amene agwira utoto wosonyeza ER, mapuloteni olandira homoni ya estrogen, pa khansa ya m'mawere. Zotsatirazo ndizo zimauza dokotala ngati mayi angathandizike ndi mankhwala a tamoxifen. Koma utotowo umagwira pa mapuloteni osawonongeka okha. Kachidutswa kalowe mu formalin wa 10 peresenti, mankhwala oteteza mnofu kuti usawole, pasanathe ola chikadulireni, mankhwalawo achuluke kakhumi kuposa mnofuwo, ndipo kakhalemo maola 6 mpaka 72 basi. Chotupa chachikulu chichekedwe kaye, chifukwa formalin amalowerera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola, ndipo ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi m'kati mumayamba kuwola. Kabotolo ka mnofuwo kakadikira galimoto yopita ku labu ya ku Blantyre kwa masabata, ER amatha kuoneka ngati palibe pomwe alipo, mayi n'kumanidwa mankhwala oti akanamuthandiza. Makina sangadziwe zimenezi, amangowerenga zomwe apatsidwa.

Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti formalin sakusowa m'maboma, nthawi yodulira ndi yoviikira zilembedwe pa kabotolo, ndipo galimoto izinyamuka kawiri pa sabata. Pakhalenso wa m'labu wophunzitsidwa kuumitsa mnofu mu phula la parafini konkuno, poti ukatero umasungika zaka zambiri.

Wowerenga,
Mangochi