Sitima ya TAZARA yandikumbutsa ubwana

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembeko za ulendo wa pasitima ya TAZARA, yoyenda pakati pa Zambia ndi Tanzania, umene ndinayenda posachedwapa. Popeza njanjiyi siyambira mu Lusaka, ndinakwera basi mpaka ku Kapiri Mposhi, kumene umayambira mtunda wa makilomita 1,860 wokafika ku Dar es Salaam.

Titaima pa Mpika, amayi ogulitsa anathamangira kumawindo atasenza madengu a nthochi ndi mbatata zophika. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinakumbukira malemu mayi anga akumasula mfundo ya pachitenje kuti atulutse tindalama, ine nditagwada pampando, mphuno ili pagalasi. Bambo ankatiuza monyadira kuti njanjiyi inamangidwa ndi thandizo la dziko la China kuyambira 1970 mpaka 1975, kuti mkuwa wathu uzifika kunyanja osadzera ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero). Koma anafe za mkuwa tinalibe nazo ntchito. Tinkangodikira kuti tipitirire Mbeya, sitima ilowe m'mapanga oboola mapiri, tizikuwa mumdima.

Zimandiwawa kuti ana ambiri kuno ku Chawama akukula osakwerapo sitima. Ndikupempha aphunzitsi ndi makolo anzanga kuti tizisonkha kangachepe n'kuwatengako anawa, ngakhale kukafika ku Kabwe kokha.

Ine wowerenga wanu,
Chawama, Lusaka