Conga ya pa makina isamalire paliponse

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi achinyamata a muno m'Chipata amene akukonza nyimbo za house ndi amapiano. Ambiri ayamba kuthiramo conga ndi bongo za ku Cuba, koma akuziunjika mpaka nyimbo kumveka ngati matalala pa malata. Chikusowa ndi clave, kugunda kasanu kumene ng'oma zonsezi zimatsamirapo. Makutu athu amakudziwa kale, pakuti rhumba ya ku Congo inatengera zambiri ku nyimbo za ku Cuba.

Titenge Roland TR-727, makina oliza ng'oma a mu 1985. Ili ndi mawu 15, monga ng'oma za bongo, conga ndi timbale, mabelu a agogo, ndi zisekese za cabasa ndi maracas. Ilibe kick (ng'oma ya mawu okhuthala) kapena snare (ng'oma yothetheka), choncho zimenezo zichokere ku kompyuta, ndipo kompyutayo ndiyo izitsogolera liwiro kudzera pa MIDI, njira imene zida zoimbira zimalumikizirana ndi kompyuta. Zonse ziwiri zikamadziyendera pazokha, zimasemphana nyimbo isanafike pakati.

Kutsogolo kuli mabatani 16, lililonse likuimira kamphindi kamodzi mu mzere wa nyimbo. Yambani ndi agogo yaing'ono, popeza makinawa alibe mawu a clave enieni: dinani 1, 4, 7, 11 ndi 13. Mvetserani izi zokha kaye, musathamange. Kenaka conga yotsekereza ikhale pa 3 ndi 11, yotsegula pa 7, 8, 15 ndi 16. Pa 1 musaikepo conga! Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Kick ili kale pamenepo, ndiye ziwirizi zimaphimbana, ndipo kutsetsereka kuja kokokera wovina ku chiyambi cha mzere wotsatira kumatha. Pomwe conga yakhala chete mpomwe chiuno chimapeza malo.

Dziwaninso kuti mawu ena amagawana njira imodzi. Cabasa ndi maracas sizingalire pa batani limodzi, chimodzimodzinso bongo yaing'ono ndi yaikulu. Wina akaona mawu akuzimirira amayesa makina afa, pamene anapangidwa choncho. Accent, yotsindika kugunda, nayo imakweza zonse zimene zili pa batanilo, kotero iikeni pawiri kapena patatu basi. Shuffle pang'ono, yochedwetsako kugunda kwina, imachotsa kuuma. Timbale isungireni posinthira gawo la nyimbo.

Za magetsi tikuchondererani. Makina ambiri akale amabwera ndi adaputala ya ku Japan kapena America, ya mavoti 100 mpaka 120, pomwe athu kuno ndi 230. Mukaibaya pakhoma osawerenga, yapsa. Onani zolembedwa kumbuyo kwa makina, ndipo muziwazula magetsi akazima, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali. Tsegulaninso posungira mabatire awiri ogwira zimene mwakonza. Akakhalitsa amatuluka madzi oyera ngati mchere amene amadya zitsulo. Musanawasinthe, jambulani kaye ntchito yanu, kuopa kuti ingafufutike.

Ndife okonza nyimbo,
Kapata, Chipata