Usanyamuke wa ku Katete chiwongolero chikugwedezeka

Mwana wanga,

Ndalemba kalata chifukwa pa foni umangoti "ndamva atate, ndamva," kenaka n'kudula. Kuno ku Chilenje tili bwino, kupatula miyendo ya amayi ako. Mlongo wako wandiuza za Lamlungu pa msewu wa Kafue, kuti mutangogunda dzenje chiwongolero cha Land Cruiser yako chinayamba kugwedezeka mpaka mpongozi wanga anafungatira mwana, ndipo chinaleka utatsala pang'ono kuima. Akutinso mnzako uja wakuuza kuti ungogula steering damper yatsopano, chitsulo chija chonga shoko chochepetsa kugwedezeka kwa chiwongolero, mupite ku mwambo wa Kulamba ku Katete.

Mnzako ameneyo ndiye akundisowetsa tulo. Si yemweyo anakunyengerera kuti ukweze galimoto ndi masipuling'i aatali, uike matayala akuluakulu? Kodi anakuuza kuti ukakweza galimoto ngati yakoyo caster imachepa? Caster ndiyo imabwezera chiwongolero pakati ukamaliza kukhota, ndipo ikachepa mawilo akutsogolo amayamba kudziyendera okha. Damper imangobisa kugwedezekako. Kuli ngati kumwa Panadol dzino litabooka. Iye adzakhala ku Kabwata ndi botolo m'manja pamene iwe ukutsetsereka pa zitunda za Manenekela ndi mdzukulu wanga kumbuyo.

Yamba ndi zosalira ndalama. Manga manati a mawilo onse, yeza mpweya, gogoda matope ouma m'kati mwa malimu, ndipo yendetsa chikhatho pa tayala lililonse umve ngati latupa penapake. Matayala akutsogolo uwapititse kumbuyo. Kunjenjemera kukachoka m'manja n'kumamveka pa mpando, vuto ndi tayala kapena limu yopindika. Kunjenjemera kobwera pa liwiro limodzi, cha m'ma 80 kapena 100, n'kutha ukapitirira, nthawi zambiri ndi balancing, ndiye kuti wilo likulemera mbali imodzi. Kobwera ukaponda buleki, kayang'ane madisiki. Koma zako zija, zoyamba ndi dzenje n'kumakula zokha, si zimenezi ayi. Pansipo pali chimene chakhwepa.

Uli mwana unkandigwirira tochi kunsi kwa Land Rover yakale ija, mphuno yonse girizi, n'kumafunsa dzina la bawuti iliyonse mpaka amayi ako kukuitana nsima itazizira. Chidwi chimene chija unachisiya kuti, kuti lero uzimvera munthu amene sanagwirepo sipanala?

Uchite chonchi. Galimoto iime pamalo osalala, mawilo ali pansi, handibuleki yokoka. Wina akhale m'kati azigwedeza chiwongolero pang'onopang'ono, uku ndi uku, osaleka. Iwe gona kutsogolo ndi tochi. Choyamba yang'ana panhard rod, chitsulo chopingasa chija chimene chimagwira ekiselo kuti isasunthire m'mbali. Ona mbali zonse ziwiri. Bushi ikang'ambika, kapena bowo la bawuti likakula n'kukhala ngati dzira, udzaona thupi la galimoto likusuntha mawilo asanayambe kukhota. Pa galimoto ya masipuling'i ngati yakoyo, ine ndimayamba kukayikira pamenepo. Kenaka gwira ndi dzanja tie rod end iliyonse, ndi za drag link zomwe, mfundo zija za kumapeto kwa zitsulo zokhotetsa mawilo. Yakutha imagogoda m'chikhatho, khu khu, ngakhale maso asaone kanthu. Usaiwale mabushi a radius arm, mikono ija yogwira ekiselo kuti isapite kutsogolo kapena kumbuyo, ndi mabawuti a steering box pa chesesi.

Ukatero ikweze ndi jeki, uike masitandi, osati njerwa. Gwira tayala pamwamba ndi pansi, uligwedeze. Likagwedera, wina aponde buleki ubwerezenso: kugwedera kukatha ndi bering'i ya wilo, kukapitirira ndi mabering'i a king pin, amene wilo limatembenukirapo pokhota. Galimotoyo ndi ya m'ma 1990, ndipo ndikukayika ngati mwini wake woyamba anatsegulapo ma knuckle, mitu ija ya kumapeto kwa ekiselo imene imakhota limodzi ndi wilo. Ukaona mafuta osakanikirana ndi girizi akuchucha kuseri kwa wilo, silo yam'kati yatha, pafunika kumasula zonse. Pansi pa knuckle pali manati anayi ogwira mkono wa chiwongolero. Amenewo amamasuka mwakachetechete, ndipo mabawuti ake akathyoka wilo silimveranso chiwongolero. Uwayese ndi sipanala imodziimodzi.

Alignment, kuwongoletsa mawilo kuja, ibwere pomaliza, zonsezi zitamangidwa, ndipo uwauze akuyezerenso caster. Akapeza kuti yachepa, pali mabushi obwezera caster pa galimoto zokwezedwa, kapena bwezera masipuling'i ake akale. Ukayamba ndi alignment zitsulo zili zokhwepa, ndalamazo wangotaya.

Ndikudziwa kuti mwezi uno m'thumba mwapepuka, ndipo sindikukudzudzula chifukwa chofuna kukaonetsa mwana kwa agogo ake ku Katete. Amayi ako akhala akunyadira ulendowu kwa aliyense ku tchalitchi. Koma ndi makilomita pafupifupi 500, ndipo kuchokera ku Rufunsa kukafika pa mlatho wa Luangwa ndi zitunda ndi makhota okhaokha, malole akudza kutsogolo. Ndinaonapo galimoto ili chagada m'phompho kumeneko, matumba a ufa atamwazika mpaka kumunsi, ndipo amene tinaima palibe analankhula. Pepala la fitness la bungwe la za pamsewu la RTSA lili pa galasilo silimanga bawuti imene yamasuka dzulo.

Zikakuchitikiranso usanakonze, usaponde buleki mwamphamvu. Chotsa phazi pa mafuta, gwira chiwongolero ndi manja onse, liwiro litsike lokha, upatuke. Ndipo mnzako uja, ndabwereza, usamupatse makiyi kapena kumutuma masipeya. Zotchipa zimene amabwera nazo sizimaliza dzinja limodzi.

Bwera nayo kuno Loweruka m'mawa, uyende pang'onopang'ono. Maso anga afooka koma dzanja likumvabe. Ikapanda kutheka Kulamba isanafike, mukwere basi pa siteshoni ya Intercity, ya mpongozi wanga ndilipira ine. Pobwera ugule girizi ndi ma split pin, jeki ndi masipanala ndili nazo.

Ndine,
Atate ako